A Sizasi ndi Mayi wa Mtolo wa Nkhuni

Abale, anansi, a mpingo, ndi inu a kuntchito kwa malemu amene mwakhala mbali iyo ya tenti, mbiri imene timve tsopano ndi ya mayi athu amene agona pakati pathu apa. Pakhomo pano ndi kutchalitchi tinkawatchula kuti amake mapasa. Kunyuzipepala, kumene anagwira ntchito zaka 34, aliyense kuyambira mkonzi wamkulu mpaka mlonda wa pageti ankawaitana kuti a Sizasi, ndipo dzinalo linawatsata mpaka kunyumba, moti zidzukulu zimati agogo a Sizasi. Mbiriyi yalembedwa ndi a kubanja, koma mbali ina yalembedwa monga eni ake analamulira ali m'chipatala. Tikupempha kuti mupirire nafe mpaka kumapeto.

Malemu anabadwa pa 9 Marichi 1963, pakhomo pomwe pano, m'nyumba imene inali pamene lero pali khitchini ya alongo awo. M'banja la ana asanu ndi mmodzi iwo anali achiwiri kubadwa. Bambo awo anali kondakitala wa basi, ndipo mayi awo ankasoka mayunifomu a ana asukulu pa makina opukusa ndi dzanja. Kuyambira ali aang'ono sankakhazikika malo amodzi. Mayi awo ankati mwana uyu ali ngati nkhuku yosowa poikira: ukamutuma madzi abwera nawo ndithu, koma atadzera makomo atatu kukafunsa zimene sunamutume. Chinthu chimodzi chokha chinkawakhazika pansi. Bambo awo akaweruka ankabwera ndi nyuzipepala zimene anthu aiwala pa mipando ya basi, ndipo malemu ankatenga sizasi ya mayi awo n'kumadula nkhani imodziimodzi, n'kumazisunga m'bokosi la nsapato. Anakwapulidwa kangapo, chifukwa pepala limabunthitsa sizasi ya nsalu. Sanasiye.

Anayamba sukulu ya pulayimale mu 1970, ndipo mu 1978 anasankhidwa kupita ku sekondale ya atsikana yogonera komweko. Anzawo awiri a nthawi imeneyo abwera lero. Akuti malemu sanakhalepo nambala wani m'kalasi, koma kope lawo ndi limene aliyense ankabwereka mayeso akayandikira, chifukwa munalibe tsamba losowa deti. Akutinso mtsikana watsopano akamalira kukumbuka kwawo, malemu sankamutonthoza ndi mawu, ankangomuchapira masokosi n'kuwayanika pamodzi ndi awo. Atamaliza mu 1982 anaphunzira kutayipa ndi kusunga mafayilo, ndipo mu 1985 analembedwa ntchito pa kampani ya nyuzipepala m'tauni.

Anayamba ngati otayipa, koma patangotha chaka anawatsitsira ku chipinda chosungira nyuzipepala zakale ndi zithunzi, kuseri kwa makina osindikizira. Chipindacho chinalibe zenera. Munali makabati achitsulo asanu ndi atatu, tebulo lalitali, botolo la guluu, chidindo cha deti, ndi mpando umodzi umene ambiri sanawaonepo atakhalapo. Makina akayamba kulira kuseri kwa khoma, makapu ankayenda okha patebulo. Ntchito inali iyi: m'mawa uliwonse kutenga nyuzipepala ziwiri za tsikulo, kudula nkhani iliyonse, kuidinda deti, n'kuiika mu envulopu ya nkhani zinzake. Zithunzi nazonso zikatuluka zinkatsikira kwa iwo. Ankalemba kumbuyo kwake chimene chikuoneka, n'kusunga chilichonse mu envulopu yoyenera. Mtolankhani akasowa chithunzi nthawi itamuthera, ankangosuzumira pakhomo n'kufuula kuti a Sizasi, cha njala, kapena a Sizasi, cha ngozi ya pamsewu, ndipo asanabweze mpweya chinali chili kale m'manja mwake. Liwiro limeneli ankalinyadira. M'masiku awo omaliza anatiuza kuti tisabise zoti ankalinyadira.

Mu 1987 anamanga banja ndi bambo amene akhala apawa, okonza mawailesi ndi mawotchi. Anakumana tsiku limene malemu anatumidwa kukakonzetsa wailesi ya ku ofesi. Bambowa akuti anawalozera benchi katatu, koma iwo anaima chilili pambali pawo mpaka ntchito inatha, akufunsa dzina la kawaya kalikonse. Mulungu anawapatsa mapasa mu 1989, wamwamuna ndi wamkazi, kenaka mzime wawo wamkazi mu 1994. Kwa zaka 37 bambowa sanawerengepo nyuzipepala yathunthu m'nyumba mwawo. Inkawapeza ili ndi mazenera, ndipo zotsatira za mpira ankazimva kwa makasitomala. Koma Lachisanu lililonse, osauzidwa ndi munthu, ankatenga sizasi m'chikwama cha akazi awo, n'kuinola, n'kudontheza kamafuta pa kamsomali kake, n'kuibwezera pamalo pake.

Mazenera amenewo anali ndi kolowera. Malonda a ntchito ankawadula n'kuwalowetsa pansi pa zitseko za anansi amene ana awo anangokhala atamaliza sukulu, osagogoda, osalemba dzina. Ena mwa inu mukudziwa lero kumene kunkachokera timapepala tija. Mwana wa bambo wosesa ku ofesi atakhoza mayeso, malemu anadula dzina lake m'nyuzipepala, analimata pa katoni, n'kukalisiya m'thumba la ovolosi ya bambo wakeyo. Mtolankhani wina wachikulire atayamba kudwala msana, mabuku olemera a nyuzipepala zakale amene ankakonda kutsegula anapezeka atasamukira pa shelefu ya m'munsi. Atafunsa, malemu anati denga likudontha.

Mu mpingo anabatizidwa ali aang'ono ndipo sanachokemo. Kwaya anayesako chaka chimodzi, mpaka mtsogoleri wake anawapempha mwaulemu kuti mphatso yawo ikatumikire kwina. Iwo anaseka, nasankha kupukuta mabenchi, ndipo ankafika ola lathunthu mapemphero asanayambe. Pemphero lawo linali lalifupi, ndipo ankapemphera ataimirira. Amayi a mpingo akukumbukira tsiku limene kunalengezedwa kuti pa nkhani yokumba chitsime cha patchalitchi abambo adzakumane kukambirana, amayi adzaphikire msonkhanowo tiyi. Malemu anaimika dzanja n'kufunsa, mofatsa ndithu, kuti mwa abambo amene alipowa ndani watungako madzi sabata ino. Msonkhanowo unakhala wa onse. Tiyi anaphika abambo awiri, anali wamadzimadzi, koma anamwedwa.

Tsopano tifike pa nkhani imene malemu anatilamula kuti tisailumphe. Mu 1996 nyuzipepala inalemba za kutha kwa mitengo m'phiri lina lakutali ndi tauni. Pamwamba pa nkhaniyo panali chithunzi cha mayi akuyenda m'mbali mwa msewu atasenza mtolo waukulu wa nkhuni, nkhope yake ikuoneka bwino lomwe. Mawa lake chithunzicho chinatsikira ku chipinda chija. Kumbuyo kwake kunalibe dzina la mayiyo, kunalibe malo, kunalibe liwu lililonse. Patebulo panali zithunzi zina makumi atatu zodikira, ndipo nthawi ya nkhomaliro inali itakwana. Malemu anachiyang'ana kamodzi, analemba kumbuyo kwake kuti owononga nkhalango, n'kuchiponya mu envulopu ya dzina lomwelo. Zinawatengera nthawi yochepa kuposa imene tatenga pofotokoza. Ndipo anaiwala.

Mu 2008, ali ndi zaka 45, analembetsa ku yunivesite maphunziro a kumapeto kwa sabata, a zilankhulo ndi kafalitsidwe ka nkhani. Mapasa anali ku koleji nthawi yomweyo, ndipo akuti ankabisa zotsatira zawo chifukwa za amayi zinkawachititsa manyazi. Digiri yoyamba anaitenga mu 2012, n'kupitiriza yachiwiri. Pa kafukufuku wawo anasankha chinthu chimene chinali kale m'makabati awo: mmene nyuzipepala imalankhulira za amuna ndi za akazi ikamalemba nkhani za nkhalango, mitsinje, chilala, zinyalala ndi madzi osefukira. Anawerenga nkhani 840 za zaka makumi awiri, pensulo ili m'manja, akufunsa nkhani iliyonse mafunso anayi: wajambulidwa ndani, wafunsidwa ndani, watchulidwa dzina ndani, wadzudzulidwa ndani.

Zimene anapeza ankazifotokozera aliyense amene wakhala nawo pafupi mu minibasi, kaya wafunsa kaya sanafunse. Ankati mwamuna m'nkhani zimenezi amabwera ndi dzina ndi udindo, ndipo amafotokoza, amachenjeza, amalangiza. Mkazi amangokhala mayi wina, ndipo amadandaula kapena amalira. Kawirikawiri sanena kanthu, amangosenza chinachake pachithunzi, ndowa, mwana, nkhuni. Fakitale ikataya zoipa mumtsinje, mutu wa nkhani umati mtsinje wawonongeka, ngati wadziwononga wokha, koma amayi akachapa mumtsinje womwewo mutu umati amayi akuipitsa madzi. Olemba amakondanso kunena kuti dziko ndi mayi wathu, mayi wathu wavulidwa, mayi wathu akulira. Malemu ankati ulemu umenewu ndi wotchipa, chifukwa mayi wa m'fanizo sayankha, pamene mayi weniweni ukamufunsa akhoza kukufunsanso za malole otuta mitengo.

Tsiku lina Lamlungu masana, mu 2014, anayala zodula zija pabalaza ponse, mpaka amuna awo anasowa popondapo. Mzime wawo, akulumpha mapepala ndi thireyi ya tiyi, anaima n'kufunsa ngati mayi uyu, ndi uyu, ndi uyo wa kukhomoyo, sali munthu mmodzi. Anazisonkhanitsa. Anali munthu mmodzi, diresi lomwelo, mtolo womwewo, maulendo 27. Anatuluka pa nkhani ya chilala, ya makala, ya kukokoloka kwa nthaka, ya madzi osefukira a kudera kumene mwina sanapondeko. Pansi pa chithunzi mawu ankangosintha pang'ono: amayi ngati awa ndi amene akumaliza nkhalango zathu. Lolemba m'mawa malemu anatsegula kabati yachitatu, anatulutsa chithunzicho, n'kuchitembenuza. Zolemba za kumbuyo anazizindikira. Nthawi zonse mtolankhani akafuula kuti a Sizasi, cha mitengo, dzanja limene linkamupatsira mayiyo linali lawo.

Kuchokera tsiku limenelo mtima wawo sunakhalenso m'malo. Digiri yachiwiri anaitenga mu 2015, ndi matamando, koma chikalata chake sanachikoleke pakhoma, chili mu sutikesi mpaka lero. Aphunzitsi awo anawauza kuti zimene apezazo n'zokwanira, kuti cholakwa ndi kachitidwe ka ntchito, osati munthu mmodzi. Iwo anavomera, koma anati kachitidweko kanalemba ndi bolopeni yawo. Chithunzi anachichotsa mu envulopu, koma madzi anali atatayika kale. Chinali chitalowa m'makompyuta ndi mawu omwe aja, ndipo ochilowetsa anali iwo omwe, chaka chimene kampani inkasamutsa zithunzi zonse. Mabungwe ena anali atachibwerekanso n'kuchisindikiza pa zikwangwani. Ndiye anatsimikiza mtima pa chinthu chimodzi: amupeze mayiyo, ndipo nyuzipepala imene yakhala ikugulitsa nkhope yake ipite ikamufunse, isindikize mawu ake ndi dzina lake.

Anayamba ndi wojambula chithunzicho, amene anali atapuma ntchito ndipo maso anali atayamba kuchita ng'ala. Iye anakumbukira. Anati tsiku limenelo anatumidwa kukajambula malole a fakitale yocheka matabwa, amene ankatsika m'phirimo atadzaza zipika. Mlonda anamukaniza pageti. Dalaivala ankafulumira, filimu inali itatsala ya chithunzi chimodzi, ndipo pobwerera anaona mayi m'mbali mwa msewu n'kumujambula kudzera pazenera, galimoto isanaime n'komwe. Anati fakitale ili ndi geti, mayi wapamsewu alibe. Mawu amenewa malemu anawalemba pachikuto cha kope lawo. Koma fakitaleyo inali itatsekedwa kalekale, ndipo anthu okhala pafupi nayo anali atabalalika.

Loweruka lililonse limene akanatha ankakwera basi yoyamba, chithunzi chili m'pulasitiki, n'kumakafunsa m'misika ya mbali imeneyo. Atapuma ntchito mu 2019, ife tikuganiza kuti tsopano akhala pansi alere zidzukulu, m'pamene maulendowo anachuluka. Ena ankawathamangitsa poganiza kuti ndi ogwira anthu ogulitsa makala. Ena ankati mayiyo anamwalira, ena ankati anakwatiwa kutali, ena ankangofuna kuti awagulire chakumwa. Tsiku la ubatizo wa mdzukulu wawo wachitatu anafika anthu akutuluka m'tchalitchi, nsapato zili fumbi lokhalokha, chifukwa basi inawafera panjira. Mwana wawo, kholo la mdzukuluyo, sanawalankhule masabata awiri. Ife abale tinawanena kuti adzipha ndi nkhani imene mwini wake mwina anaiiwala kalekale, ndipo lero tikuvomereza pamaso panu kuti tinalankhula tisanadziwe. Amuna awo okha ankangowaikira botolo la madzi ndi ambulera m'chikwama.

Chimene chinawathandiza ndi diso limene anatengera kwa mayi awo. Tsiku lina anaona kuti kolala ya diresi la pachithunzi si ya m'sitolo, ndi ya kwa telala, ndipo ili ndi kapindidwe kakekake. Anasiya kufunsa ogulitsa nkhuni, nayamba kufunsa matelala. Wachisanu ndi chinayi, mkulu wina wosoka pakhonde la golosale, anavala magalasi, anayang'ana kolalayo nthawi yaitali, nati ntchito iyi ndi yanga, ndipo mwini wake amawotcha mabanzi kuseri kwa depoti.

Anakumana mu Ogasiti 2021. Mayiwo anachiyang'ana chithunzicho osachigwira, pakuti manja anali ufa wokhawokha, nati amachidziwa kuposa kalilole. Anafotokoza kuti nkhwangwa sanakhalepo nayo. Mtolo uja unali wa zidutswa za matabwa zimene fakitale inkagulitsa pageti lakumbuyo, ndipo ankawotchera buledi. Koma kuyambira chaka chimenecho anthu a kwawo anawapatsa dzina lakuti a Nkhwangwa. Mwana wawo wamkazi ali ku pulayimale, mphunzitsi anakweza nyuzipepala m'kalasi pophunzitsa za kusamala mitengo, kalasi yonse n'kutembenukira mwanayo, ndipo anakana sukulu teremu yathunthu. Pamene kunabwera ntchito yosamalira nazale ya mitengo, amayi anzawo analembedwa, iwo anauzidwa kuti mbuzi sasungitsa kwa fisi. Chikwangwani cha nkhope yawo chinakhala pakhoma la chipatala cha kwawo zaka zinayi, ndipo akadwala ankapitako atatsitsira mpango kumaso.

Malemu anamvetsera ataimirira. Kenaka anawauza kuti wolemba mawu aja kumbuyo kwa chithunzi ndi iwo, nawauzanso dzina limene ankadziwika nalo kuntchito. Mayiwo anayang'ana moto wa mu uvuni. Pamapeto pake anati ndiye takumana zodula zokhazokha, Sizasi ndi Nkhwangwa, kungoti inu anzanga mumadula zenizeni. Anati pepani sapoletsa chilonda, ndipo iwo pepani sakumufuna. Anati mwandisenzetsa mtolo umodzi zaka makumi awiri ndi zisanu, khosi latopa, ndituleni. Atatero anatembenuza ndowa, anawauza kuti akhalepo asiye kuima ngati wapolisi, n'kuwapatsa banzi lotentha.

Anabwerera molunjika kwa mkonzi. Sitikuimba mlandu munthu, ndipo malemu sanafune kuti titero, pakuti anthu amenewa anali ana awo a kuntchito ndipo ankawalandira ndi tiyi. Mkonzi woyamba anati alembe okha nkhaniyo ngati kalata ya owerenga. Iwo anakana. Anati akalemba iwo ndiye kuti mayiwo alankhuliridwanso, ndipo nyuzipepala ipite yokha ikawafunse monga imapitira kwa anthu a maudindo. Mkonziyo anavomera, nati zidikire sabata imene malo apezeke. Malowo asanapezeke anasamutsidwa. Wachiwiri anati nyuzipepala singakonze cholakwa cha mu 1996, owerenga ena anali asanabadwe. Malemu anamuyankha kuti mlandu suwola, ndiponso cholakwacho si cha 1996, chatulukanso mwezi wathawu. Wachitatu anavomera zonse, analamula kuti chithunzi chifufutidwe, nalonjeza kutuma mtolankhani. Chinafufutidwa mu kompyuta imodzi. Galimoto ya mtolankhani uja inapatsidwa ulendo wina, kenaka wina. Malemu ankakwera masitepe a ofesi ija Lachiwiri lililonse, poyamba mothamanga monga kale, kenaka akupumira pakati, kenaka atagwira khoma.

Kupumira kumeneko ndi kumene kunatidziwitsa kuti akudwala, pakuti eni ake sananene. Mu Novembala chaka chatha madokotala anapeza chotupa m'mimba. Anachitidwa opaleshoni mu Januwale, anapezako bwino miyezi iwiri, kenaka anagonekedwanso. M'wodi anamwino ankavutika nawo. Ankawapeza atadzuka, akukoka chitsulo cha diripi, akukathira madzi m'kapu ya wodwala wa pabedi lakumapeto amene analibe womudikirira. Tikuthokoza anamwinowo, makamaka amene ankawasungira mpando wa pafupi ndi zenera, ndiponso mayi wokolopa amene ankayambira mbali ina kuti asawadzutse akapezako tulo. M'mawa uliwonse bambo ankabwera ndi nyuzipepala, ndipo malemu ankaitsegula tsamba ndi tsamba, kufunafuna ngati mayi aja afunsidwa.

Masabata awiri apitawo, Lachitatu, bambo anafika mochedwa, nyuzipepala ili yopindidwa mosazolowereka. Malemu anailandira, anaiyeza m'manja, nati ikusowa pepala limodzi. Munthu amene wagwira nyuzipepala moyo wake wonse sungamunamize. Bambo anayesa kunena kuti wogulitsa ndiye wawabera, koma bodza sanalizolowere, ndipo anatulutsa pepalalo m'thumba la jekete. Pa tsamba lachisanu panali nkhani ya sabata yodzala mitengo, ndipo pamwamba pake panali mayi aja, diresi lomwelo, mtolo womwewo. Mtolankhani watsopano, wosawadziwa n'komwe a Sizasi, anachipeza m'kompyuta ina pansi pa mawu aja. Malemu sanalire. Anabwereka kwa namwino sizasi yodulira bandeji, anadula bwinobwino, analemba deti, n'kulemba nambala 36 pakona. Tsiku limenelo sanadye.

Mawa lake anatuma mzime wawo kukatenga mayi a mabanzi. Mayiwo anabwera ndi basi ya masana, atanyamula mabanzi amene wodwala sakanatha kudya, ndipo anagawira wodi yonse. Anakhala kumiyendo kwa bedi n'kumawasisita mapazi, amene anali atatupa, akuwanena kuti mapazi awa alibe nzeru, anayenda mtunda wonse uja kudzangodya banzi limodzi. Anakambirana awiriwiri nthawi yaitali. Kenaka malemu anaitana ife abale n'kutiuza zoti tilembe. Anati ku ofesi munthu akhoza kukuuza kuti malo achepa, galimoto yachoka, bwerani Lachiwiri. Koma pamaliro a mnzawo atolankhani amabwera onse, amabwera msanga, makope ali m'matumba mwa chizolowezi, ndipo sachoka mwambo usanathe. Anamwetulira ponena zimenezi. Anatisiya Lolemba lapitali, cha m'ma 10 koloko m'mawa, bambo atawagwira dzanja, ali ndi zaka 61.

Choncho, inu a kuntchito kwa malemu, uthenga wawo ndi uwu. Mayi a pachithunzi chija ali pano. Akhala kumbuyo kwa amayi a mpingo, pafupi ndi thanki ya madzi, avala mpango wobiriwira. Malemu anatiletsa kuwalankhulira, ati zimenezo zachitika mokwanira, ndipo dzina lawo anena okha kwa amene awafunse. Eni ake atiuza kuti sathamangira munthu, ndiponso kuti makamera akhale kaye m'zikwama. Tikabwerako kumanda akhala pomwepo mpaka basi ya 4 koloko, chifukwa mawa m'mawa ali ndi ufa woti akande. Pambali pawo tasiyapo mpando umodzi wopanda munthu.

Malemu asiya amuna awo. Ana atatu, amene ndi mapasa ndi mzime. Mkamwini mmodzi ndi mpongozi mmodzi. Zidzukulu zisanu, anyamata awiri ndi atsikana atatu. Alongo awo awiri ndi ang'ono awo awiri, pakuti akulu awo anatsogola kale. Asiyanso mayi awo aang'ono, amene ukalamba wawalepheretsa kufika, koma atumiza nsalu imene yafunditsidwa pabokosi.

Mulungu, amene amayamba wamumva munthu asanamuweruze, awalandire mayi athuwa, ndipo chimene manja awo sanathe kumaliza atipatse ife otsala mtima wochimaliza. Amake mapasa, a Sizasi athu, apumule mu mtendere.